Ziphuphu, madontho akuda ndi makwinya kugombe la Salima

Pa Kamuzu Road ku Salima, ndiponso m'tiokala ta ku Senga Bay ndi ku Chipoka, mafuta a kumaso sasowa. Amayalidwa pabenchi limodzi ndi ndolo, mawigi ndi utoto wa zikhadabo: timachubu ta Epiderm ndi Movate, mabotolo a Caro Light, ndi zina zosakanizasakaniza m'timabotolo topanda dzina, zomwe wogulitsa amangoti, "Izi ndiye zachangu." Mtsikana akabwera n'kunena kuti, "Asisi, ndavutika ndi ziphuphu," amapatsidwa kachubu. Mayi wa zaka 45 akadandaula kuti masaya ayamba kuda, amapatsidwanso kachubu komweko. Vuto la unyamata ndi la ukulu amaoneka ngati otalikirana, koma kuno kunyanja amakumana pa zinthu ziwiri, dzuwa ndi kachubu kameneka, ndipo kawirikawiri chimene munthu wagula kuti chimuchize n'chimene chimamaliza kuwononga khungu lake.

Chiphuphu chimayambira mkati mwa khungu. Patsinde pa kaubweya kalikonse ka kumaso, pachifuwa ndi kumsana pali kathumba kopanga mafuta achilengedwe, omwe amatulukira pa kabowo ka ubweyawo kuti khungu lisaume. Mwana akatha msinkhu, mahomoni otchedwa androgen, amene ali mwa anyamata ndi atsikana omwe, amakulitsa timatumbato ndipo mafuta amachuluka. Nthawi yomweyo timaselo takufa ta m'kabowomo timamatirirana m'malo moyoyoka, n'kutseka njira. Kadontho kakuda kamene kamaoneka pamphuno si litsiro ayi, ndi mafuta aja ndi melanin, utoto wa khungu, zomwe zada zitakumana ndi mpweya. Mkati motsekekamo mumaswana bakiteriya wotchedwa Cutibacterium acnes, yemwe amakhala pakhungu la munthu aliyense. Thupi likayamba kulimbana naye, pamatupa, pamapweteka, kenaka mafinya.

Choncho kuuza mwana wa ziphuphu kuti sasamba ndi kumulakwira. Ana a m'mbali mwa nyanja ndiye amasamba kawirikawiri, m'mawa, masana ndi madzulo. Koma akanyozedwa, amatenga chinkhupule ndi sopo wochapira zovala n'kukhula nkhope mpaka kumva kuwawa. Sopo wochapira ndi waukali, amachotsa mafuta onse oteteza khungu, ndipo kukhulako kumaphulitsira ziphuphu mkati. Ena amapaka Colgate usiku, ena madzi a mandimu. Mandimu ndi oopsa mwapadera kuno, chifukwa m'madzi ndi m'khungu la zipatso za mtundu umenewu muli mankhwala amene akakumana ndi dzuwa amawotcha khungu n'kusiya chigamba chakuda chotenga miyezi kuti chichoke.

Mtedza nawo wanamiziridwa kwa nthawi yaitali. Palibe umboni wogwira mtima woti nsinjiro kapena chiponde zimabweretsa ziphuphu. Umboni umene ulipo ukuloza ku zakudya zokweza shuga wa m'magazi mofulumira, monga zakumwa zotsekemera, masikono ndi tiyi wothira shuga wambiri, ndiponso mkaka kwa anthu ena. Ngakhale pamenepo chakudya chimangowonjezera, chibadwa ndi mahomoni ndiwo eni nkhani. Bodza limene limandipweteka mtima kwambiri ndi lomwe achinyamata amanong'onezana, loti ziphuphu ndi chizindikiro choti thupi likufuna mwamuna kapena mkazi, ndipo zimatha ukagonana. Sizitha. Mtsikana wa Fomu 2 amene wakhulupirira zimenezi amatsala ndi ziphuphu zake, n'kuwonjezerapo mimba kapena matenda.

Nyengo ya kunyanja ili ndi mbali yake. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene mchenga sumapondeka masana, thukuta limasakanikirana ndi mafuta odzola ndi fumbi, ndipo ziphuphu zimakula. Mafuta a tsitsi akatsetserekera pachipumi, pansi pa duku kapena wigi, amabweretsa tiziphuphu tambirimbiri motsatira malire a tsitsi. Madokotala Plewig, Fulton ndi Kligman analemba za vutoli mu 1970 ataliona pa amuna akuda a ku United States odzola mafuta olemera m'mutu. Vaseline ndi glycerine n'zabwino ndithu pamiyendo yotuwa ndi pa zikang'a m'nyengo ya mwera, mu Juni ndi Julayi. Nkhope yamafuta ya mnyamata wa zaka 16 m'chilimwe siifuna zimenezo.

Sikuti chotupa chilichonse cha kumaso ndi chiphuphu. Salima ndi kwawo kwa asilikali, a ku MAFCO ndi a Parachute Battalion ku Senga Bay, ndipo mwamuna wometa ndevu tsiku ndi tsiku amadziwa tizotupa ta m'khosi ndi m'chibwano. Timeneti timabwera chifukwa tsitsi lathu ndi lopotana: likametedwa mpaka pakhungu, nsonga yake imapindika n'kubaya khungu lomwelo. Mankhwala ake ndi kumeta ndi makina osiya kachitsa pang'ono, motsatira kumene tsitsi lagonera. Tizotupa toyabwa kwambiri m'mikono ndi m'miyendo tikhoza kukhala mphere, kapena chizindikiro choti chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo n'chifukwa chokwanira chokayezetsera magazi. Mayi amene ziphuphu zamuyamba atabayitsa jakisoni wa Depo kapena kuikitsa kolera ka pamkono asangosiya kulera. Akafotokoze kuchipatala, chifukwa njira zina, monga mapiritsi a mahomoni awiri, zimachepetsa ziphuphu. Isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a TB, amathanso kutulutsa tiziphuphu, ndipo ameneyo sasiyidwa popanda dokotala.

Koma mukamvetsera bwino madandaulo a anthu, si chiphuphucho chimene chimawavuta. Chiphuphu chimaphwa pa sabata imodzi kapena ziwiri. Chotsala ndi dontho lakuda. Khungu lakuda likatupa kapena kuvulala, maselo opanga melanin amachita changu n'kuthira utoto wochuluka pamalopo. Mzungu amatsala ndi kufiira komwe kumazilala msanga, ife timatsala ndi dontho lokhala miyezi isanu ndi umodzi, chaka, nthawi zina kupitirira ngati utotowo walowa mkati. Kufinya kumalikulitsa, ndipo dzuwa limalidetsa tsiku lililonse. Munthu wokhala ndi madontho makumi awiri kumaso amaona ngati matenda sakutha, chonsecho akuona mapazi a ziphuphu za chaka chatha. Apa m'pamene amapita kubenchi kuja.

Movate muli clobetasol, Epiderm muli betamethasone. Onsewa ndi masiteroidi amphamvu, mankhwala enieni othandiza pa matenda ena a khungu akaperekedwa ndi dokotala kwa masiku owerengeka, ndipo kumaso sayenera kufikako wamba. Chimene chimakopa anthu n'choti sabata zoyamba amagwiradi ntchito. Kutupa kumaphwa, kufiira kumatha, nkhope imayera n'kusalala, anzako n'kumafunsa kuti ukudzola chiyani. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu zinthu zimatembenuka. Steroid amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera. Amabweretsa ziphuphu zakezake, zing'onozing'ono, zofanana msinkhu, zodzaza chipumi ndi masaya nthawi imodzi. Amafooketsa chitetezo cha khungu, zipere n'kufalikira mopanda malire ooneka bwino. Amameretsa ubweya m'masaya mwa mkazi. Kwa odzola thupi lonse, mikono ndi ntchafu zimang'ambika mizere yosafufutika, ndipo mankhwalawo amalowa m'magazi n'kuyambitsa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga. Munthu akayesa kusiya, nkhope imatentha, kuyabwa ndi kuda kuposa kale, ndiye amathamangira kukagula kachubu kena. Wogulitsa amamuuza kuti, "Khungu lazolowera, tengani amphamvu awa."

Hydroquinone, amene ali mu Caro Light ndi mafuta ena ambiri oyeretsa, ali ndi mbiri yake kumwera kuno kwa Africa. Mu 1975 dokotala wa khungu wa ku Pretoria, G. H. Findlay, ndi anzake anafotokoza za amayi akuda amene atadzola mankhwalawa kwa zaka zingapo anayamba kuda mobiriwira m'masaya, pachipumi ndi m'mbali mwa maso, khungu likuchita timibulu tokhakhala. Matendawa amatchedwa ochronosis, amagwira malo amene dzuwa limawomba kwambiri, ndipo kuwachotsa n'kovuta zedi. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kuwalanda m'masitolo kumapeto kwa 2018. Mafuta ndi sopo zina zimakhalanso ndi mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo ndipo amafika kwa mwana wa m'mimba ndi woyamwa. Pangano la maiko la Minamata la mu 2013 linaika zodzola zoterezi pa mndandanda wa zinthu zoyenera kuthetsedwa. Kuno kwathu Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndiyo iyang'anira mankhwala, Malawi Bureau of Standards iyang'anira katundu wa pamsika, koma steroid amene amayenera kutuluka m'famase ndi kalata ya dokotala akugulitsidwabe pabenchi la ndolo. Ine ndimaona kuti apa m'pofunika kugwirapo ntchito kuposa kudzudzula amayi. N'chapafupi kuseka "nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola", koma ambiri mwa amayiwa sanayambe ndi cholinga chosintha mtundu. Anayamba ndi madontho a ziphuphu, ndipo palibe anawauza njira ina.

Njira inayo ilipo, kungoti ndi yochedwa. Kusamba kumaso kawiri pa tsiku ndi sopo wofatsa ndi manja okha, osakhula, osafinya, ndiye poyambira. Mankhwala oyamba ndi benzoyl peroxide wa 2.5 kapena 5 peresenti, amene amapha bakiteriya uja ndipo bakiteriyayo samuzolowera. Amapakidwa pang'ono pamalo onse otuluka ziphuphu, osati pa chiphuphu chimodzichimodzi, poyamba modumphitsa tsiku, chifukwa akawotcha khungu lathu amasiyanso dontho. Amachititsa nsalu kusuluka, choncho pilo ndi chitenje chabwino zitalikire. Gulu lachiwiri ndi la mankhwala ochokera ku vitamini A, tretinoin ndi adapalene, omwe amatsegula timabowo totsekeka, amaletsa ziphuphu zatsopano, ndiponso amafulumizitsa kuzilala kwa madontho. Tretinoin anavomerezedwa ku United States mu 1971. Amapakidwa usiku wokha, kadontho kamodzi kakang'ono kukwanira nkhope yonse, ndipo mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati asayandikire. Kwa iyeyo kuli azelaic acid, amene amathandiza ziphuphu ndi madontho omwe. Onsewa amafuna sabata 8 mpaka 12 kuti zotsatira zioneke, ndipo mwezi woyamba nkhope imatha kuoneka ngati ikuipiraipira. Ambiri amasiya pamenepo.

Ziphuphu zikuluzikulu zopweteka, zosiya maenje kapena zipsera zotupa pachifuwa ndi m'nsagwada, n'zofunika chipatala msanga, chifukwa dontho limatha koma dzenje silitha. Dokotala amatha kupereka doxycycline kwa miyezi itatu, pamodzi ndi mankhwala opaka. Kugula makapisozi asanu pagolosale n'kumwa chiphuphu chikatuluka sikuchiza kanthu, kumangophunzitsa mabakiteriya kupirira mankhwala amene tidzawafune pa matenda ena. Doxycycline amamwedwa ndi madzi ambiri, munthu osagona nthawi yomweyo, saloledwa kwa oyembekezera ndi ana aang'ono, ndipo amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, chinthu chimene msodzi ayenera kuuzidwa. Pamwamba pa onse pali isotretinoin, wamphamvu kwambiri, amene amapundula mwana m'mimba ndipo amaperekedwa ndi akatswiri okha. Njira yake ndi kuyambira pachipatala chaching'ono monga cha Lifuwu kapena Maganga, kupita pachipatala cha boma ku Salima, ndipo zikavuta kutumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Akatswiri a khungu m'Malawi ndi ochepa. Ambiri mwa amene amaona odwala khungu ndi makiliniko ofesa, ena ophunzitsidwa ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, m'dziko la Tanzania. Amene wadzola steroid kwa nthawi yaitali apite ndi kachubuko m'manja, asachite manyazi, kuti amuthandize kusiya pang'onopang'ono.

Pa za ukalamba, khungu lakuda linapatsidwa mwayi. Kafukufuku wa mu 1979 ku United States anapeza kuti khungu lakuda limadziteteza ku dzuwa pa mlingo wa pafupifupi 13 pa muyezo wa SPF, umene amayezera mphamvu ya mafuta oteteza ku dzuwa, pamene loyera limangofika pa 3. N'chifukwa chake makwinya amatichedwera ndi zaka khumi kapena kuposerapo. Ukalamba wathu umayamba kuonekera mwina: mtundu wa nkhope umasiyanasiyana, masaya ndi chipumi zimada, mnofu wa m'masaya umatsika, mizere ya m'mbali mwa mphuno imazama. Timibulu takuda tosapweteka tomwe timamera m'masaya ndi m'khosi mwa anthu opitirira zaka 30, totchedwa dermatosis papulosa nigra, ndi ta kumtundu ndipo si matenda. Kutidula ndi lezala kapena kutiwotcha ndi mankhwala kumangosiya zipsera. Zigamba zakuda zofanana mbali zonse ziwiri za nkhope, zimene zimayamba mayi ali ndi pakati kapena akumwa mapiritsi olera, ndi melasma, ndipo dzuwa ndi kutentha ndizo zimazidyetsa.

Mwayi uja uli ndi malire, ndipo Salima amawuyesa kwambiri. Dera lino lili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator, kotero dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale. Mchenga wouma umabweza pafupifupi 15 peresenti ya cheza cha dzuwa chotchedwa UV, madzi nawo amabwezako china, choncho munthu wa pagombe amawombedwa kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe. Mitambo yopyapyala ya m'dzinja siitchinga chezachi. Taganizirani mayi wa pa doko la Nguwo kapena Chikombe amene amatandala pa thandala la usipa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenaka madzulo n'kukhala pa utsi akuwamba nsomba. Cheza cha UV chimadula collagen, ulusi umene umagwira khungu kuti likhale lolimba, ndipo utsi wa nkhuni ndi wa fodya umachita chimodzimodzi. Collagen amachepa yekha ndi pafupifupi 1 peresenti pa chaka munthu akakula, ndipo amatsika mofulumira m'zaka zoyamba mayi atasiya msambo. Tsono ngati mayi yemweyo akudzolanso steroid kapena hydroquinone, wachotsa melanin amene amamuteteza ndipo wapyapyalitsa khungu ndi dzanja lake. Amayi a zaka 35 amene khungu la kumaso lafota n'kuchita makwinya ang'onoang'ono m'mbali mwa maso, pamene amayi awo owabereka nkhope zili zosalala, si osowa m'misika yathu.

Zinthu zimene zatsimikizika kuti zimachedwetsa ukalamba wa khungu n'zochepa. Choyamba ndi kudziteteza ku dzuwa. Ku Nambour, m'dziko la Australia, anthu 903 anatsatiridwa kwa zaka zinayi ndi theka, ndipo zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2013 zinaonetsa kuti odzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse khungu lawo linakalamba mochepera ndi 24 peresenti poyerekeza ndi odzola mwa apo ndi apo. Anthuwo anali azungu, koma kwa ife phindu lalikulu lili pa madontho ndi melasma, zomwe sizizilala ngati dzuwa likuziwombabe. Mafuta a SPF 30 kapena kuposa ndi okwera mtengo, ena amasiya nkhope yotuwa, ndipo sindingauze mayi wogulitsa usipa kuti asiye kugula ufa n'kugula amenewo. Koma chipewa cha mlaza cha khonde lalikulu chimalukidwa konkuno, ambulera ilipo, ndipo kachisakasa pafupi ndi thandala n'kotheka. Duku amaphimba tsitsi koma masaya amawasiya pamtunda. Chachiwiri ndi tretinoin yemwe uja, amene kafukufuku wa mu 1988 anaonetsa kuti amachepetsa makwinya ang'onoang'ono obwera ndi dzuwa. Kudzola mafuta wamba ukangosamba kumathandiza khungu louma la munthu wamkulu kuoneka bwino, ndipo apa Vaseline, mafuta a malambe, ngakhale a nsatsi amene agogo athu ankadzola, akugwira ntchito yofanana ndi ya botolo lodula. Mafuta olembedwa kuti muli collagen amangofewetsa pamwamba, chifukwa collagen ndi wamkulu kwambiri moti sangalowe pakhungu.

Kwa abale athu achialubino, nkhani ya dzuwa si ya maonekedwe. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 134,636 achialubino m'Malawi. Khungu lawo lilibe melanin wokwanira, ndipo kumalo otentha ngati kuno limayamba kukhakhala ndi kuchita timabala touma akadali ana. Timabala timeneti tikalekereredwa timasanduka khansa ya pakhungu, imene imapha ambiri asanafike pa ukalamba. Bungwe la anthu achialubino la APAM lakhala likumenyera kuti mafuta oteteza ku dzuwa azipezeka m'zipatala za boma mosadukiza, ndipo mabungwe monga Standing Voice amayendetsa zipatala zoyendayenda zoona khungu lawo. Mwana wachialubino wa ku Senga Bay amafunika chipewa, malaya a manja aatali, mafuta a SPF 50 ndi kuonedwa khungu kawirikawiri, ndipo bala lililonse losapola pakatha mwezi ndi lofunika chipatala.

Enafe khansa ya pakhungu siitigwira kawirikawiri, koma ikabwera imakonda malo amene sitiyang'anako: kuphazi, m'manja ndi pansi pa chikhadabo, ndiponso pa chipsera chakale cha moto kapena chilonda cha pamwendo chimene chakhala zaka osapola. Bob Marley anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 chifukwa cha melanoma imene inayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi. Asodzi ndi alimi a mpunga a ku Lifuwu, amene amayenda opanda nsapato ndipo mapazi awo sasowa mabala, sachedwa kunyalanyaza dontho lotere poganiza kuti anapondapo minga. Dontho lakuda la kuphazi limene likukula, losalingana m'mbali mwake, la mitundu ingapo kapena lotuluka magazi, lisapakidwe kanthu kalikonse ka pabenchi. Likaonetsedwe kuchipatala sabata yomweyo.